MADZI M'MAFUTA A INJINI YA BOTI: KUWADZIWA NDI KUWACOTSA

Caka ndi caka, pa 1 Disembala, Boma litseka usodzi pa nyanja za Mweru ndi Bangweulu, pa mtsinje wa Kafue ndi m'madera ena, ndipo silitsegula kufikira mwezi wa Febuluwale utatha. Miyezi itatu imeneyi ndiyo ya mvula yambiri. Maboti akhala pamtunda, mainjini apacikidwa m'nyumba, koma mathanki ndi zigubu za petulo zingoikidwa kuseri kwa nkhokwe, kumene madzi a pa denga adonthera usana ndi usiku. Tsiku lotsegulira likafika, msodzi atenga thanki yomweyo, nailumikiza ku injini, nakankhira boti lace pamadzi. Kawirikawiri munthu amene abwerera ndi nkhafi tsiku limenelo, manja atatupa ndi kukoka cingwe, alibe injini yakufa iai. Injini yace yangomwa madzi.

Bvuto limeneli si la asodzi a kumpoto okha. Lipezeka pa Kariba, pa Itezhi-Tezhi, ku Mpulungu, ndi kwa alimi amene atengera cimanga, nthoci ndi mbuzi zao pa boti. Galimoto ikazima pa mseu, woyendetsa aturuka nakhala pamthunzi. Boti likazima, mphepo iritembenuza cam'mbali, mafunde nayamba kulowa. Pa boma la Luangwa, pamene mtsinje wa Luangwa ukomana ndi Zambezi, madzi sayembekeza munthu: atenga boti nalitsitsira ku Mozambique, pakati pa mvuu ndi ng'ona, mwini wace ali cogwirira sipanala. Cifukwa cace mwini injini ali yense ayenera kudziwa yekha kupeza madzi m'mafuta ndi kuwacotsa, popeza makanika sakhala pakati pa nyanja.

MADZI AKHALA PANSI

Nkhani yonse itsamira pa cinthu cimodzi. Madzi ndi olemera kuposa mafuta, ndipo sasakanizika nao. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Lita ya petulo ilemera pafupifupi magalamu 740, ya dizilo pafupifupi magalamu 840. Tsono madzi akalowa m'thanki samwazikana, koma atsika nakagona pansi peni-peni, monga acita mafuta a nsomba ndi msuzi mumphika wozizira, mafuta pamwamba, msuzi pansi.

Tsoka lace ndi lakuti kapaipi kamene kayamwa mafuta m'thanki kafika pansi pomwepo. Motero thanki ya malita 25 ingakhale ndi petulo wabwino wokha-wokha, koma ngati pansi pace pali madzi odzaza kapu imodzi, injini iyamba kumwa madziwo. Kucokera m'thanki apita m'paipi, napyola kampira kopopera, nafika ku kasefa, ndi kukagona m'kambale ka pansi pa kabuleta. M'kambalemo muli kabowo kakang'ono ngati ka singano kamene petulo akwerera. Dontho limodzi la madzi likakhala pa kabowo kameneka licita ngati citsekero, ndipo injini isowa cakudya thanki iri yodzaza.

M'MENE MADZI ALOWERA

Njira yoyamba, ndi yaikuru, ndi mgolo woimikidwa panja. Mgolo wa malita 200 kapena 210 uli ndi mkombero pamwamba pace, ndipo mvula ikagwa pamwambapo pasanduka kadziwe, zitsekero zonse ziwiri zitamira. Masana dzuwa litenthetsa mgolo, mpweya wa m'kati ufutukuka nuturuka pa mpata wa citsekero. Usiku citsulo cizizira, mpweya ubwerera m'kati, ndipo pobwererapo ukoka madzi aja. Mwini wace alumbira kuti sanatsegule mgolo wace ndi kamodzi komwe, ndipo anena zoona. Koma mgolo upuma wokha, ngakhale citsekero cioneke comangika.

Njira yaciwiri ndi zigubu. Kumidzi ya asodzi mafuta safika ndi mpope wa pa filing'i siteshoni iai, afika m'zigubu za malita 20 pa njinga, pa lole kapena pa boti lina. Cigubu cimene dzulo cinatunga madzi a kumwa, lero cagula petulo. Cina cinatsukidwa bwino, koma sicinaumitsidwe. Ndipo pali ogulitsa ena, ngakhale si onse, amene akhuthula mgolo kufikira dontho lotsiriza, nagulitsa ndi matope a pansi omwe. Wogula wotsiriza ndiye alipira ndalama yace pa madzi a anzace onse.

Njira yacitatu iri m'boti momwe. Pa citsekero ca thanki pali kabauti kolowetsera mpweya, kamene kayenera kumasulidwa injini ikamayenda. Ambiri aiwala kukamanga pofika pa dooko, thanki nigona pa mvula usiku wonse. Ena aika thanki pansi pa boti pamene madzi okapa asonkhana, kapena kumbuyo kumene mafunde awaza. Ngati kampira ka m'citsekero kanang'ambika, madzi ali ndi khomo lotseguka.

Anthu ambiri akonda kunamizira mame. Ndi zoona kuti mpweya wa cinyezi ukalowa m'thanki yacitsulo yosadzaza, usiku ucita thukuta m'zipupa zace monga licita botolo lozizira. Pa thanki yaikuru ya dizilo, yokhala miyezi yambiri, thukuta limeneli licuruka ndithu. Koma pa thanki yaing'ono yonyamula pamanja silingafike kapu yathunthu m'sabata imodzi. Munthu akapeza madzi oculuka m'thanki yotere, afunse mvula, cigubu kapena wogulitsa, osati mame.

ZIZINDIKIRO

Injini ya madzi m'mafuta siima mwadzidzidzi monga yoduka waya wa moto. Iyamba kutsokomola. Mphamvu icepa, ibwerera, icepanso, boti nilicita ngati likokedwa kumbuyo. Nthawi zina ilira bwino pa dooko, koma woyendetsa akaonjezera moto ifooka nizima. Nthawi zina iyenda bwino madzi ali bata, nibvuta mafunde akayamba, cifukwa kugwedezeka kwa boti kwabvundula madzi amene anagona pa ngondya ya thanki. Ikazima ikana kulira, kapena ilira pang'ono pa choki nifanso. Cizindikiro cina cosanama ndi nthawi yace: ngati injini inali bwino dzulo, ndipo yayamba kudwala patangopita mphindi zowerengeka cithirireni mafuta atsopano, mlandu uli m'mafutamo.

Komabe msodzi asafulumire kuweruza, pakuti pali matenda ena ofanana nao. Ayambe waona kabauti ka mpweya: ngati kali komangika, thanki ya pulasitiki iphwafuka m'mbali, kampira kopopera kafwapa, ndipo injini ifa ndi njala. Aone kacingwe kozimitsira ngati kali pamalo pace. Afinye kampira kopopera: kakapanda kulimba ngakhale akafinye kambiri, paipi yabooka kapena polumikizira palowa mpweya. Zonsezi zikakhala bwino, amasule pulagi. Pulagi yakuda ndi yamafuta inena za oilo wocuruka kapena moto wofooka. Koma pulagi ya timadontho toyera tonga mikanda pa mlomo pace inena za madzi.

BOTOLO LOYERA

Cida coposa zonse pa nchito imeneyi sicigulidwa m'sitolo. Ndi botolo lagalasi loonekera m'kati, louma, lokhala ndi citsekero. Liyenera kukhala m'bokosi la zitsulo pamodzi ndi sipanala ya mapulagi.

Poyesa, mafuta acokere pansi pa thanki, osati pamwamba, cifukwa a pamwamba aoneka abwino nthawi zonse. Msodzi alumule paipi ku injini, apendeketse thanki kuti ngondya ya kapaipi koyamwa ikhale pansi, akankhe kampira kapena kacitsulo kotsekera ka m'kamwa mwa polumikizira ndi kamtengo koyera, nafinye kampira kopopera kufikira botolo litafika pakati. Aliimike pamalo osagwedezeka mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Ngati madzi alimo, aoneka pansi: ocepa akhala ngati mkanda umene ugubuduka botolo likapendekeka, ocuruka akhala ndi mzere woongoka pakati pa iwo ndi petulo. Petulo wosakaniza ndi oilo asabvuta kuona, popeza oilo ampatsa mtundu, koma madzi akhala oyera kapena a dzimbiri. Petulo wabwino awala, munthu nkuona cala cace kuseri kwa botolo. Akaoneka ngati nkhungu kapena madzi otsukira mpunga, madzi akali omwazika m'kati mwace, ndipo afunika nthawi yina kuti adikhe.

Popanda botolo, madontho pang'ono pa citsulo coyera athandiza: petulo afalikira nauma msanga, madzi atsala ali tinthu tobulungira. Eni a mathanki akuru agwiritsa nchito phala lina lopaka ku ndodo yopimira, limene lisintha mtundu likakhudza madzi.

KUTSUKA NJIRA YONSE

Boti likhale lotetezeka coyamba. Nangula aponyedwe, kapena wina agwire nkhafi kuti mutu wa boti uyang'ane mafunde. Fodya azimidwe, mbaula ya nsima ithiridwe madzi, nyali ya palafini icotsedwe kutali. Mpweya wa petulo ndi wolemera, ugona pansi pa boti osaoneka, ndipo usiku nchito iyi icitike ndi tochi yokha.

Kucotsa madzi m'thanki yokha n'kusiya ena m'paipi ndi m'kabuleta ndi kutaya nthawi. Njira yonse itsukidwe kuyambira ku thanki kufikira ku pulagi. Amene ali ndi thanki yaciwiri ya mafuta abwino ali ndi mwai, angosintha. Amene ali ndi imodzi apitirize kupopera m'botolo, thanki iri copendekeka, kukhuthulira m'cigubu capadera, kufikira petulo woturuka awale wopanda mkanda pansi. Pamtunda nchito yabwino ndi kukhuthula thanki yonse m'cotengera coyera, kuisiya iume pamthunzi iri cotsegula, ndi kutunga petulo wa pamwamba atadikha, kusiya malita awiri kapena atatu a pansi. Kuyamwa paipi ndi pakamwa nkoopsa: petulo pang'ono akalowa m'mapapo adwalitsa cibayo coipa.

Paipi ikayera, acotse cibvundikiro ca injini. Mainjini ambiri ali ndi kasefa kokhala m'kakapu koonekera m'kati. Pa ena muli kamphete kofiira kamene kayandama madzi akalowa. Amasule kakapuko, akakhuthule, atsuke kasefa ndi petulo woyera, nabwezere bwino kampira kace, cifukwa kakatsina injini iyamwa mpweya.

Tsono kabuleta. Pansi pa kambale kace pali kabauti kokhuthulira. Aike nsanza kapena citsekero ca botolo pansi, amasule kabautiko, zonse zituruke. Kali comasuka, alumikize paipi ya mafuta oyera nafinye kampira kangapo kuti petulo atsuke m'katimo, ndipo pomwepo amange. Pano pafunika dzanja lofatsa ndi sikuludilaiva yokwana bwino, pakuti kabautika nkofewa, ndipo kakagwera m'nyanja ulendo wathera pomwepo. Nsaru yoyalidwa pansi pa injini yapulumutsa tizitsulo tambiri. Injini ya makabuleta awiri kapena atatu, onse akhuthulidwe.

Potsiriza amasule mapulagi, awapukute ndi kuwaumitsa, kapena aike atsopano. Mapulagi ali kunja, ndi kacingwe kozimitsira katacotsedwa kuti moto usathetheke, akoke cingwe kakhumi kuti cinyontho cituruke. Abwezere zonse nayese. Injini idzatsokomola ndi kufuka pang'ono isanalire bwino.

Apa pali cinthu cimene ambiri sacidziwa. Injini yosakaniza petulo ndi oilo iribe mtsuko wa oilo monga galimoto. Mafuta ace apita m'mimba mwa injini asanafike kumene apsera, ndipo oilo wa m'mafutamo ndiye adzoza mabering'i ndi pisitoni. Madzi atsata njira yomweyo. Akagona m'menemo masiku awiri kapena atatu, dzimbiri igwira tizitsulo tosalala ta mabering'i, ndipo patapita sabata zingapo injini iyamba kulira ngati cigayo. Cifukwa cace injini imene yamwa madzi isaikidwe m'nyumba kuyembekeza makanika wa mwezi wa mawa. Itsukidwe tsiku lomwelo, niyendetsedwe theka la ola kapena kuposapo ndi mafuta oyera, kuti kutentha kuumitse m'kati, oilo napakenso ponse. Muyeso wa oilo ukhale wa m'buku la injiniyo. Zambiri za masiku ano zifuna gawo limodzi pa magawo 50, ndiko kuti mamililita 400 pa malita 20; koma za British Seagull zakale zija zinkafuna gawo limodzi pa magawo khumi. Pa injini yokhala ndi oilo wace payekha, mwini aone ndodo yopimira: oilo wotuwa ngati tiyi wamkaka asinthidwe.

MAINJINI A DIZILO

Cipupa ca Kariba cinatha mu 1959, ndipo kapenta anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika ndi kuikidwamo mu 1967 ndi 1968. Maboti ogwira kapenta a ku Siavonga ndi Sinazongwe ayenda ndi dizilo, ndipo kwa iwo madzi ndi mdani woposa. Pampu ndi mainjekita a injini ya dizilo apangidwa mothina kwambiri, ndipo dizilo yemweyo ndiye awadzoza. Madzi acotsa kuterera kumeneko, abweretsa dzimbiri, ndipo angathe kung'amba nsonga ya injekita. Kabuleta itsukidwa ndi nsanza. Pampu ya dizilo ikaonongeka ipita kutauni, boti nilikhala pa dooko mwezi wa mdima uli kupita, antchito opanda malipiro.

Injini yotere icepa mphamvu, igunda mosalongosoka, nituritsa utsi woyera. Pa malire a dizilo ndi madzi pamera tizirombo tosaoneka, timene tisanduka ndere zakuda zoterera ndi kutseka sefa. Munthu akasintha sefa kawiri m'mwezi umodzi napezamo zakudazo, adziwe kuti thanki iri ndi madzi akale. Mankhwala ace ndi sefa yolekanitsa madzi, ya kambale koonekera ndi kampopi pansi, yoikidwa pakati pa thanki ndi injini, nikhuthulidwa madzulo ali onse boti lisananyamuke. Atatha kukhuthula kapena kusintha sefa, acotse mpweya m'mapaipi pomasula kabauti ka pamwamba pa sefa ndi kupopa ndi dzanja kufikira thovu litatha. Injini ya dizilo ikaganiziridwa kuti yamwa madzi, izimitsidwe pomwepo, osaikakamiza kuti ifike ku dooko.

PETULO WA ETHANOL NDI NKHANI YA SIPIRITI

Okhala kumalire asamale ndi cinthu cina. Dziko la Malawi linayamba kusakaniza ethanol wa nzimbe m'petulo mu 1982, ndipo Zimbabwe inaika lamulo lokakamiza kusakaniza mu 2013. Ethanol akonda madzi. Petulo wokhala ndi gawo limodzi la ethanol pa magawo khumi angathe kubisa madzi pafupifupi theka la lita pa malita 100, osaoneka m'botolo. Madzi akapitirira pamenepo, ethanol alekana ndi petulo, natsika pansi pamodzi ndi madziwo. Zapansizo ziribe oilo, popeza oilo atsala m'petulo wa pamwamba, ndipo injini ikaziyamwa zitsulo zace zikhulana zouma. Wa pamwambayo nayenso wacepa mphamvu. Petulo wotere akalekana sabwereranso ngakhale amkhuchumule motani, ndipo sayenera kugonekedwa m'thanki miyezi itatu ya kutseka usodzi.

Pa madooko pali cikhulupiriro cakuti botolo la sipiriti wa papo licotsa madzi m'thanki. Muli coonadi pang'ono, pakuti sipiriti amwa timadontho towerengeka natipititsa m'moto. Koma sangamwe kapu yathunthu, aononga timipira ta m'kabuleta, asokoneza oilo, ndipo m'dizilo sayenera kulowamo konse. Ndalama ya sipiriti iposa kugulira pulagi yapadera.

Zotsukazo zisathiridwe m'nyanja kapena pa dooko pamene akazi atunga madzi ndi kutsuka nsomba. Zisungidwe m'cigubu colembedwa cizindikiro, kutali ndi ana ndi moto. Petulo wa pamwamba pace athandiza kutsukira zitsulo.

Mgolo ugonekedwe cam'mbali pa mitengo iwiri, pansi pa denga, zitsekero zace ziri mopingasa, cina kumanja cina kumanzere, kuti mafuta a m'kati aziphimbe zonse. Ukayenera kuimirira, uikidwe mwala mbali imodzi kuti madzi a mvula atsetsereke osafika pa zitsekero. Mgolo wongofika kumene pa lole ugone usiku umodzi usanatungidwe, ndipo paipi yotungira isafike pansi. Zigubu za mafuta zipakidwe utoto, zisapite ku citsime. Pothira m'thanki pakhale fanelo ya sefa yosalala. Oyendetsa ndege akale ankasefa petulo pa cikopa cofewa ca shamwa, cimene cikanyowa ndi petulo cipititsa petulo yekha ndi kukaniza madzi, ndipo lero m'masitolo a zitsulo za maboti mupezeka mafanelo ocita nchito yomweyo. Pogula m'cigubu ca munthu, wogula athire lita yotsiriza m'botolo lace loyera wogulitsa ali kuona, ndipo ndalama ituruke m'thumba botolo litadikha.